Madzi olemera a Harold Urey si poizoni wa nyukiliya

Munthu akamva za madzi olemera, aja amati heavy water, amaganiza za madzi otulutsa cheza choopsa cha nyukiliya, oti kungowakhudza basi wapita. Si zoona.

Mbiri yoipayi inabwera ndi nkhondo. Mu February 1943 asilikali a ku Norway anaphulitsa makina opangira madziwa ku Vemork kuti Germany isawapeze n'kuwagwiritsa ntchito poyesa kupanga bomba la nyukiliya, ndipo kuyambira pamenepo dzinali limangomveka bomba.

Mwini nkhani ndi Harold Urey, katswiri wa chemistry wa ku America, yemwe digiri yake yoyamba, ya mu 1917 ku Montana, inali ya zinyama, taonani. Mu 1931 ku Columbia University, iye ndi mnzake George Murphy anaunika timadontho timene tinatsala wasayansi wina, Ferdinand Brickwedde, ataphwetsa malita angapo a haidrojeni wamadzimadzi. M'menemo munali haidrojeni wolemera kawiri, deuterium. Mu 1934 Urey analandira mphoto ya Nobel.

Deuterium ali ndi neutron imodzi (kachidutswa ka mkati mwa atomu) imene haidrojeni wamba alibe, koma sasweka, ndiye satulutsa cheza chilichonse. Ali m'madzi onse, ngakhale a pachitsime: pa maatomu a haidrojeni pafupifupi 6,400, imodzi ndi iyeyo. Mumamumwa tsiku lililonse. Madzi olemera enieni, amene ali ndi deuterium m'malo mwa haidrojeni wamba, amaoneka ngati madzi wamba, kungoti ayezi wake amamira m'kapu ya madzi m'malo moyandama. M'ng'anjo za nyukiliya, monga za CANDU ku Canada, ntchito yawo n'kuchepetsa liwiro la ma neutron.

Madzi olemerawa angadwalitse munthu atawamwa okhaokha masiku ambiri, chifukwa amasokoneza kugawikana kwa maselo. Kapu imodzi, ayi ndithu.