Mukasuntha tsiku loperekera ntchito, sunthaninso loyambira

"Foni sinandikumbutse." Dandaulo limeneli latopetsa m'maofesi muno mu Zomba. Foni inakukumbutsani ndithu, koma pa tsiku lakale lomwe munaiwala kusintha.

Ntchito ya pa mndandanda wa zoti muchite ili ndi masiku awiri, loyambira ndi loperekera. Mpata wa pakati pake sufupika chifukwa choti abwana asintha maganizo. Lipoti loti mulembe, lisainidwe, kenako mukasindikize kutauni, ngati limadya masiku 5 a ntchito, lidzadyabe 5 ngakhale mulisunthire kuti.

Tinene kuti likufunika Lachisanu pa 20, ndiye munaika kuyamba pa 13. Akalikankhira pa 27 inu n'kusintha tsiku loperekera lokha, chikumbutso chimalira pa 13, mumati nthawi ilipo, mumachitseka, ndipo sichidzaliranso.

Choopsa kwambiri ndi pamene tsikulo labwezedwa m'mbuyo. Akuti lipoti lifike Lachiwiri pa 10, koma loyambira lidakali pa 13. Mapulogalamu ngati OmniFocus amabisa ntchito pa mndandanda wa zoti muchite mpaka tsiku loyambira litakwana, choncho masiku onse omwe mukanagwira ntchitoyo amadutsa mwakachetechete. Mumadzadzidzimuka itafiira kale, osaina ali ku msonkhano ku Lilongwe, magetsi atazimanso. Apa sipafunika wokonza mafoni, ndipo wina akakuuzani kuti aifulashe, mungotaya ndalama ndi mndandanda womwewo.

Yesani pulogalamu yanu lero. Pangani ntchito yabodza ya masiku awiriwo, sunthani loperekera ndi sabata imodzi, muone ngati linalo latsatira. Likakhala pomwepo, lembani mpatawo m'dzina la ntchito, "Lipoti la kota, masiku 5", kuti muzisuntha onse awiri pamanja. Mu Google Calendar chikumbutso chimawerengedwa kuchokera pa tsiku la chochitikacho, ndiye chimayenda nacho chokha.

A Excel musalembe tsiku loyambira pamanja. Loperekera likhale mu B2, pambali pake =WORKDAY(B2,-5). Fomula imeneyi imawerenga masiku 5 a ntchito kubwerera m'mbuyo, n'kudumpha Loweruka ndi Lamlungu, koma maholide athu siyiwadziwa. Alembeni pa mzere wawo, muuwonjezere mu fomulayo. Mu Malichi 2026, pa 3 ndi Lachiwiri, tsiku lokumbukira ofera dziko, choncho lipoti la pa 10 lija liyambike Lolemba pa 2.

Batani lokankhira chikumbutso ku "mawa" muliope. Limakankha tsiku lomwe mukufuna kuyamba, koma amene akudikira lipotilo sanasunthe lawo.