Kukweza malipiro mofanana kapena poona ntchito: mayankho kwa ogwira ntchito ku khonsolo

Anzathu a ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku, mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, akhala akudzaza pakhomo pa ofesi ya komiti yathu yoimira ogwira ntchito ku khonsolo ndi mafunso ofanana okhudza kukweza malipiro. Tawayankha pano m'Chichewa kuti aliyense amve.

Kodi njira ziwirizi zikusiyana pati?

Ina imakweza malipiro a aliyense nthawi imodzi, ina imakwezera okhawo amene mabwana awapatsa mamakisi abwino.

Ndi zoona kuti mwasaina kale mobisa?

Ayi. Palibe chimene tingasaine mamembala asanamve. Mgwirizano wa malipiro umalembedwa potsata lamulo la za ntchito la Labour Act, ndipo muli ndi ufulu wouwerenga. Ufulu wokambirana ndi abwana ngati gulu uli m'gawo 65 la malamulo aakulu a dziko a 2013. Mawu oti tinagulidwa amatipweteka, chifukwa tonse timakwera kombi imodzi.

N'chifukwa chiyani komiti ikulimbikira zokweza onse?

Chifukwa mitengo ikakwera sisankha munthu. Mukukumbuka kuti ndalama ya dziko lino ya ZiG inabwera mu April 2024, ndipo pofika September chaka chomwecho inagwa tsiku limodzi kuchoka pa 14 kufika pafupifupi 24 pa dola imodzi ya ku America. Wosesa msewu ndi kalaliki wa ku Town House, likulu la khonsolo, onse anagula ufa pa mtengo watsopano. Kubwezeretsa mphamvu ya malipiro si mphotho ayi, n'chifukwa chake timafuna kuti zimenezi zikhale zoyamba.

Ine ndimagwira ntchito molimbika, mnzanga amangokhala. Tilandire zofanana?

Funsoli ndi lovuta ndipo sitikulipeputsa. Alipo ndithu amene amazemba ntchito, ndipo wolimbikira ali ndi chifukwa chodandaulira. Sitikukana mphotho ya khama. Nkhawa yathu ili pa kayezedwe kake. Gulu lotola zinyalala likalephera kumaliza dera lake chifukwa galimoto inalibe dizilo, mamakisi otsikawo apite kwa ndani? Wokonza mapaipi amene sanapatsidwe zipangizo ayezedwa bwanji? Ntchito zambiri za khonsolo zimagwiridwa pagulu, koma fomu yoyezera imalemba munthu mmodzi, ndipo amaidzaza ndi kapitawo mmodzi. Pamenepo kukondera kumalowa mosavuta, kaya kwa ubale, chipani kapena mtundu. Ena mwa ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique atiuza kuti akuopa kusiyidwa m'mbuyo, ndipo mantha amenewo sitingawanyoze.

Choncho tingavomere mphotho ya khama ngati ili yowonjezera pamwamba pa zokweza onse, ngati muyezo walembedwa chaka chisanayambe, ndiponso ngati wosakhutira ali ndi kokadandaula. Sitikulonjeza kuti abwana avomera zonsezi.

Nanga kukweza ndi peresenti sikukomera a magiredi apamwamba?

Kumawakomera, tivomereze. Mwachitsanzo, 10 peresenti ya madola 300 ndi 30, pamene ya madola 1,500 ndi 150. Njira ina ndi kuwonjezera ndalama yofanana kwa aliyense, koma amisiri ndi anamwino amati zimenezo zimafafaniza kusiyana kwa magiredi komwe anakuvutikira kusukulu. M'komiti momwemu sitinagwirizane pa mfundoyi.

Bwanji khonsolo imangoti ndalama palibe?

Bajeti ya khonsolo imayenera kuvomerezedwa ndi unduna woona za maboma ang'onoang'ono, umene wakhala ukunena kuti malipiro asapitirire 30 peresenti ya bajetiyo, 70 yotsalayo ipite ku ntchito zothandiza anthu. Komanso ndalamazo zimachokera kwa anthu olipira madzi ndi misonkho ya nyumba. Malire amenewa alipodi, koma tikufuna kuona mabuku tisanakhulupirire.

A makontrakiti akhudzidwa?

Zitengera mawu a mgwirizano ndi kalata yanu yolembedwera ntchito. Bwerani nayo tiione.

Zikakanika, tinyanyala ntchito?

Musayambe nokha. Lamulo limafuna chidziwitso ndi kuyesa kuyanjanitsidwa kaye, ndipo a ntchito zofunikira kwambiri monga madzi ndi zaumoyo ali ndi malire okhwima. Wonyanyala mosatsata ndondomeko akhoza kuchotsedwa ntchito, ndipo komiti ingavutike kumuteteza.