Ana amasiye ndi aulumali ku Samburu: mafunso ndi mayankho pa thandizo lomwe lilipo

Samburu ndi kuti?

Ndi dera la kumpoto kwa Kenya, likulu lake ndi Maralal. Kalembera wa 2019 anapeza anthu oposa 310,000. Ambiri ndi oweta ng'ombe, mbuzi ndi ngamila, ndipo amasamuka kutsata msipu ndi madzi. Chilala cha 2020 mpaka 2023 chinapha ziweto zambiri, ndipo kumeneko khola likatha ndiye kuti mkaka wa ana wathanso.

Boma la Kenya limathandiza bwanji?

Kudzera mu Inua Jamii, ndondomeko yofanana ndi Mtukula Pakhomo wa ku Malawi. Banja losauka lomwe likulera ana amasiye limalandira mashilingi 2,000 pamwezi. Gawo limeneli linayamba moyeserera mu 2004 mothandizidwa ndi UNICEF. Palinso gawo la anthu aulumali waukulu, omwe amafunika wowayang'anira usana ndi usiku, ndipo ndalama yake ndi yomweyo.

Ndalamayo imapita kwa mwana kapena kwa womulera?

Amalandira ndi womulera, m'dzina la banja lonse. Kaya pakhomo pali amasiye awiri kaya asanu, ndalama sikwera. Apa ndi pomwe mtima wanga umawawa: agogo olera zidzukulu zisanu amalandira zofanana ndi wolera mmodzi, pomwe ufa umagulidwa potengera pakamwa.

Kulembetsa kumalipiritsa?

Ayi. Wopempha ndalama kuti akulembeni ndi wakuba.

Nanga n'chifukwa chiyani ana ena oyenera amatsalira?

Zikalata ndi mtunda. Womulera amafunika chitupa cha unzika, mwana chikalata cha kubadwa, ndipo waulumali amayenera kupimidwa kuchipatala kuti alembedwe ku National Council for Persons with Disabilities, bungwe la boma loona za anthu aulumali. Mwana wobadwira ku manyatta (mudzi wa oweta ziweto), kutali ndi matauni ngati Wamba kapena Baragoi, nthawi zambiri alibe pepala lililonse. Mayi angabereke bwanji kumbuyo mwana wa zaka 10 wosayenda, tsiku lathunthu padzuwa? Onjezanipo kuti tsiku lolembetsa banja likhoza kukhala litasamuka ndi ziweto, komanso makolo ena amabisa mwana wolumala poopa zonena za anthu. Apa mabungwe achifundo amagwira ntchito yooneka yaing'ono koma yolemera: kulipira galimoto yopita kuchipatala, kuthandiza kupeza zikalata, kupereka njinga za olumala ndi ndodo zoyendera.

Kodi si bwino kungomanga nyumba yosungirako ana amasiye?

Kenya yasankha njira ina. Mu 2017 boma linaimitsa kulembetsa nyumba zatsopano zotere, ndipo lamulo la ana la 2022 pamodzi ndi ndondomeko ya 2022 mpaka 2032 zikufuna kuti ana akulire m'mabanja: kwa achibale, kapena kwa owalera ovomerezeka. Ana ambiri a m'nyumbazi amakhala ali ndi kholo kapena wachibale wamoyo. Chinawatulutsa pakhomo ndi umphawi kapena ulumali. Mwana wa Chisamburu akakulira m'nyumba zoterezi amaiwala chilankhulo ndi kawetedwe ka ziweto, ndipo akafika zaka 18 amabwerera kumudzi ngati mlendo.

Wofuna kupereka afunse chiyani?

Afunse ngati bungwelo n'lolembetsedwa, ngati limagwira ntchito ndi ofesi ya boma yoona za ana, komanso kuti ndi ana angati omwe lawabwezera kwa abale awo. Wodziwa za mwana wozunzidwa ku Kenya aimbe 116, nambala yaulere.