Mtima wa Louis XVII ndi magazi a kuchikazi

Pa 8 Juni 1795, m'ndende ya Temple mumzinda wa Paris, munamwalira mnyamata wa zaka 10 dzina lake Louis-Charles. Bambo ake, Louis XVI, mfumu ya France, anadulidwa mutu mu Januwale 1793, mayi ake, Marie Antoinette, n'kuphedwanso chimodzimodzi mu Okutobala chaka chomwecho. Kwa otsatira ufumu, mwanayu anali kale Louis XVII, ngakhale sanakhalepo pampando.

Ndikamaphunzitsa mbiri imeneyi mtima umandiwawa. Anamulanda kwa mayi ake ali ndi zaka 8 n'kumupereka kwa wosoka nsapato, Antoine Simon. Kenako anamutsekera yekha m'chipinda chauve kwa miyezi, ndipo pamapeto pake TB inamutenga. Anamuika kumanda a Sainte-Marguerite popanda chizindikiro chilichonse, ndipo maliro achinsinsi otere amabala manong'onong'o. Mphekesera inawanda yoti mwanayo anamuzembetsa, womwalirayo anali wina.

M'zaka zotsatira amuna ambirimbiri anatulukira, aliyense akuti ndi iyeyo. Wodziwika kwambiri anali Karl Wilhelm Naundorff, wokonza mawotchi wochokera ku Germany, yemwe anafika ku Paris mu 1833. Musamutenge ngati wamisala wamba: Agathe de Rambaud, mayi amene analera mwana wa mfumuyo, anamuvomereza. Koma Marie-Thérèse, mlongo wake wa Louis-Charles, anakana ngakhale kuonana naye. Boma la France linathamangitsa Naundorff mu 1836, ndipo anafera ku Delft, ku Netherlands, mu 1845. Pamanda ake panalembedwa dzina loti Louis XVII.

Chimene chinadzathetsa mkangano ndi kuba kwa dokotala. Philippe-Jean Pelletan, popima mtembo wa mwanayo mu 1795, anachotsa mtima mobisa n'kuusunga m'botolo la mowa waukali. Mtimawo unauma ngati mwala, n'kumayenda m'manja mwa anthu osiyanasiyana kwa zaka pafupifupi 200.

Apa pali mfundo imene ife Achewa tingaimve msanga. Ku France ufumu unkayenda kuchimuna kokha, ndipo mwana wamkazi sankalowa ufumu ngakhale kuupatsira mwana wake. Koma m'thupi mwa munthu muli DNA ina, ya m'timagawo ta selo totchedwa mitochondria, imene munthu amatengera kwa mayi ake okha, monga momwe mbumba imayendera kwathu. Mu 2000, asayansi awiri, Jean-Jacques Cassiman wa ku Leuven ku Belgium ndi Bernd Brinkmann wa ku Münster ku Germany, anapima kachidutswa ka mtimawo, aliyense payekha. Anayerekeza ndi tsitsi la Marie Antoinette komanso DNA ya abale ake a kuchikazi omwe anali moyo, monga Mfumukazi Anne ya ku Romania. Zinagwirizana. Fupa la Naundorff, lomwe Cassiman anali atalipima kale, silinagwirizane nawo.

Otsutsa amati mwina mtimawo ndi wa mkulu wake wa Louis-Charles, Louis-Joseph, yemwe anamwalira mu 1789. Funsoli ndi lomveka, chifukwa DNA ya kuchikazi siisiyanitsa ana a mimba imodzi. Komabe mitima ya ana a mafumu inkakonzedwa ndi mankhwala mwa mwambo wake, pomwe uwu unalibe zizindikiro zotere. Ine ndimakhutira kuti ndi wa mwana wa m'ndende uja.

Pa 8 Juni 2004, patatha zaka 209 chimwalirireni, mtimawo unaikidwa m'tchalitchi cha Saint-Denis, pafupi ndi manda a bambo ndi mayi ake.