Musamwetse Mowa Munthu Amene Wazizidwa Paphiri

"Kaphiri kakang'ono aka, tikwera n'kutsika dzuwa lisanapendeke." Mawu amenewa ndawamva mpaka kutopa nawo, ndipo amawanena ndi anthu anzeru zawo, amphamvu, oti chipatala amangochionera kunja. Ndine dokotala, ndipo mbali ina ya ntchito yanga ndi kulandira anthu amene magulu opulumutsa awatsitsa pa machira kuchokera m'mapiri a m'nkhalango za kumpoto kwa dziko lapansi. Ambiri mwa iwo sanagwere kuphompho, sanakumanenso ndi chimbalangondo. Ananyowa, mphepo inawomba, ndipo anzawo anachedwa kuitana thandizo.

Mapiri ambiri amene anthu amakonda kukwera kumeneko ndi aafupi. Phiri la Ukko-Koli ku Finland, pamene munthu amaima n'kumaona nyanja ya Pielinen ndi tizilumba take m'munsi, ndi lotalika mamita 347 okha. Phiri la Mount Washington ku New Hampshire, m'dziko la United States, ndi lotalika mamita 1,917, koma mu Epulo 1934 pansonga pake anayeza mphepo yothamanga makilomita 372 pa ola. Kutalika kwa phiri sikukuuzani chimene mukakumane nacho pamwamba. Mukuyenda m'nkhalango mitengo ya paini imakutchingirani mphepo, chitunda chikukutulutsani thukuta, juzi mwavula mwamanga m'chiuno. Ndiye mwatulukira pathanthwe loyera, mwaima kujambula zithunzi, mphepo n'kupeza malaya athonje onyowa atamatirira pamsana. Madzi amakoka kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya, ndipo thonje likanyowa siliuma msanga. N'chifukwa chake timalimbikira kunena za zovala za ubweya wa nkhosa kapena nsalu zouma msanga, ndi jekete yosalowa madzi m'chikwama ngakhale kumwamba kuli mbee.

M'kati mwa thupi mumakhala madigiri pafupifupi 37. Akatsika kupitirira 35, munthu walowa m'chimene achipatala timati hypothermia. Sipafunika chipale chofewa kuti zifike apa. Tsiku la madigiri 8 kapena 10, mvula yowaza ndi mphepo, n'lokwanira kupha munthu wotopa ndi wanjala.

Chovuta n'chakuti kuzizira kumayamba kusokoneza ubongo, ndiye wodwalayo sangadzione yekha. Oona ndinu amene muli naye. Akulephera kukoka zipi ya jekete, zala zikungoterereka. Chingwe cha nsapato chamasuka, wachiyang'ana n'kuchisiya. Akupunthwa pa mizu imene wakhala akuidumpha tsiku lonse, mawu akutuluka mokoka lilime, munthu wansangala wakhala chete kapena akukalipa popanda chifukwa. Mukamufunsa ati, "Ndili bwino, tiyeni." Musamumvere. Kutentha kukatsika kufika cha m'ma 32, kunjenjemera kumayamba kuzilala, ndipo apa m'pamene anzake amapumira m'mwamba kuti wapeza bwino, pamene thupi langotha mphamvu zodzitenthetsera. Ena pofika apa amayamba kuvula zovala akumva ngati kwatentha.

Pali mnyamata wina amene nkhani yake imandivutabe mumtima. Anali anayi, ophunzira, m'nyengo imene masamba amayoyoka. Phiri lake linali loti ana asukulu amakwera. Potsika kunagwa nkhungu, anaphonya zizindikiro zopakidwa pamitengo, n'kutsetserekera m'dambo, pamene mnyamatayo anamira mpaka m'chiuno. Anatuluka akuseka. Patapita ola limodzi anali akunjenjemera mano akuwombana, ndipo mnzake anatulutsa kabotolo ka mowa waukali kuti amwe atenthedwe. Anamwa, nkhope inafiira, anati akumva bwino. Atayamba kudzandira, anzake anati waledzera. Atakhala pansi n'kukana kudzuka, anamuvula nsapato n'kumamutikita miyendo ndi manja mwamphamvu, kenako anamuimiritsa n'kumamukoka kuti ayende. Foni anali nazo, ndipo netiweki inalipo. Nditawafunsa pambuyo pake kuti bwanji simunaimbe, mmodzi anayankha akulira kuti ankachita manyazi kuitana opulumutsa pa kaphiri kotere, ndiponso ankaopa kuti afunsidwa za mowawo. Anaimba kutada, mnzawo atasiya kuyankha. Mtima wake unaima asanafike naye pamsewu. Anyamata ajawo ankamukonda, ndipo chilichonse chimene anachita ndi chimene anamva kwa akuluakulu kuti n'chothandiza.

Mowa sutenthetsa munthu. Thupi likazizidwa limafinya mitsempha ya pakhungu kuti magazi ofunda akhale pafupi ndi mtima, mapapo ndi ubongo. Mowa umatsegula mitsempha imeneyo, magazi ofunda n'kuthamangira pakhungu, munthu n'kumva kutentha pamene kutenthako kukutayikira kunja. Zili ngati kutsegula mawindo onse a nyumba imene moto wake ukuzima kale. Mowa umachepetsanso kunjenjemera, umatsitsa shuga m'magazi, ndipo umabisa zizindikiro, chifukwa wozizidwa ndi woledzera amayenda ndi kulankhula mofanana. Aliyense amene amakuuzani kuti kabotolo m'chikwama ndi mankhwala a kuzizira, kaya ndi wokwera mapiri wakale, kaya ndi wotsogolera alendo wodzipatsa yekha udindo, akukunamizani.

Kutikita nakonso n'koopsa. Miyendo ndi manja a munthu wozizidwa kwambiri amakhala ndi magazi ozizira. Mukatikita, kapena mukamuyendetsa mokakamiza, magaziwo amabwerera kumtima, kutentha kwa m'kati n'kutsikiratu. Mtima wozizira sufuna kugwedezedwa. Kumugwetsa, kumukhwekhwereza kapena kumudzutsa mwadzidzidzi kungausokoneze kagundidwe mpaka kuima. Zomuyandikiza kwambiri pamoto kapena kumuthira madzi otentha, iwalani, khungu lozizira limapsa mwini wake osamva.

Chochita n'chosavuta, ngati mwachiyamba msanga. Imani pamalo obisika ku mphepo. Muvuleni zonyowa, muvekeni zouma, kumutu ndi khosi zifundidwe. Pansi yalani zikwama, nthambi za paini, chilichonse, chifukwa nthaka ndi thanthwe zimayamwa kutentha kuposa mmene mukuganizira. Mukulungeni ndi pulasitiki kapena tenti kunja kwa zofundazo. Ngati muli ndi botolo la madzi ofunda, likulungeni m'nsalu muliike pachifuwa kapena m'khwapa. Ngati akunjenjemera, akulankhula zomveka ndipo akutha kumeza, mupatseni chakumwa chofunda cha shuga ndi chakudya, popeza kunjenjemera kumafuna mphamvu. Ngati wayamba kusokonezeka kapena kuwodzera, musamupatse kanthu pakamwa, angatsamwe. Mugonekeni chogona, mumugwire mosamala.

Ndipo imbani foni pamene mwayamba kukayikira, osati pamene mwatsimikiza. Ku Ulaya nambala ndi 112, ku United States ndi Canada ndi 911. Kumbukirani kuti opulumutsa ayenera kusonkhana, kuyenda pagalimoto mpaka pamene msewu wathera, kenako kukwera wapansi atasenza machira, ndipo kutsitsa munthu wogona m'nkhalango usiku kumatenga maola ambiri. Ola limene mwataya pokambirana limawonjezera pa maola onsewo. Kumpotoko, chilimwe chikatha dzuwa limalowa msanga kwambiri, ndipo pansi pa mitengo mdima umayamba kunja kukadawala. Batire la foni limathanso msanga kukazizira, choncho foni ikhale m'thumba la m'kati, pafupi ndi thupi, ndipo musaimalize poigwiritsa ntchito ngati tochi. Mukaimba, nenani pamene muli, ndi angati, wodwala akutani, kenako khalani pomwepo. Sindinaonepo gulu la opulumutsa likukwiya chifukwa laitanidwa msanga n'kupeza munthu akumwa tiyi.

Chomaliza ndi cha pamene zafika poipa. Munthu wozizidwa kwambiri amaoneka ngati wafa: khungu lozizira, thupi louma gwa, mtima ukugunda patalipatali moti chala sichimva. Si inu oti muweruze kuti watisiya. Mu 1999, dokotala wina dzina lake Anna Bågenholm anagwera pansi pa madzi oundana mumtsinje pafupi ndi Narvik ku Norway ndipo anakhalamo mphindi pafupifupi 80. Thupi lake linatsika kufika madigiri 13.7, mtima utaima, koma madokotala a mumzinda wa Tromsø, m'dziko lomwelo, anatenthetsa magazi ake ndi makina ndipo anachira mpaka kubwerera ku ntchito yake ya udokotala. Kuzizira komweko kumachepetsa mpweya umene ubongo umafuna. Choncho fufuzani kupuma kwa mphindi yathunthu. Ngati akupuma, ngakhale pang'onopang'ono, musamusindikize pachifuwa, mufundeni ndi kumuyang'anira. Ngati sakupuma, yambani kusindikiza pachifuwa, muzisinthana mukatopa, ndipo musasiye mpaka opulumutsa atafika.