Kupatula kapu ndi thaulo sikuletsa katsabola pakokha

Ndatopa kumva mawu akale aja akuti mwana akadwala katsabola, bola mwamupatulira kapu, mbale ndi thaulo lake, ena onse m'nyumbamo apulumuka. Kupatulako n'kwabwino ndithu, chifukwa madzi a m'matuza aja amakhala ndi kachilombo, ndipo akapakika pa thaulo kapena pa chofunda amatha kupatsira wina. Koma njira yaikulu ndi mpweya. Wodwala akatsokomola kapena kuyetsemula m'chipinda chotseka mawindo, amene ali nayeyo angatengere osakhudza kanthu kalikonse.

Mwana amayamba kupatsira anzake kukatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti zidzolo zituluke, mpaka matuza onse atauma n'kuchita nkhanambo. Wotengerayo amadwala pakadutsa masiku 10 mpaka 21. Wachiwiri akadwala pakhomo panu, werengani masikuwo chobwerera m'mbuyo, mungapeze kuti anatengera kale matendawa musanapatule kapuyo.

Uthenga wonena kuti kupatula kapu n'kokwanira ukakufikani pa foni, musautumize kwa ena musanafunse wazaumoyo kuchipatala. Amene ndimawadera nkhawa kwambiri ndi mayi woyembekezera amene sanadwalepo katsabola, khanda, ndi munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chofooka. Amenewa asagone chipinda chimodzi ndi wodwalayo.