Pulezidenti satsitsa msonkho payekha

Nyengo ya kampeni ikafika, ofuna upulezidenti amalonjeza kutsitsa misonkho, ndipo ambiri timakhulupirira kuti wopambanayo akangolumbira, msonkho utsika mawa lake. Sizili choncho. Gawo 171 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limaletsa boma kutolera msonkho uliwonse popanda lamulo, ndipo opanga malamulo ndi aphungu.

Taonani za 2020. Mgwirizano wa Tonse unalonjeza kuti K100,000 yoyamba pa malipiro a pamwezi isamadulidwe msonkho, kuchoka pa K45,000. Lonjezolo linadzera kwa nduna ya zachuma, a Felix Mlusu, aphungu n'kuvomereza, kenako bungwe lotolera misonkho la MRA n'kuyamba kutsatira. Pulezidenti mphamvu ali nazo ndithu: amasankha ndunayo, amasainira bilu. Koma aphungu akakana, lonjezolo limathera pabwalo la msonkhano.

N'chifukwa chake zimandiwawa kuona munthu ataima pamzere kuyambira m'bandakucha, dzuwa likumuotcha, n'kuchonga mosamala pepala la pulezidenti, koma pa la phungu n'kungosankha amene anam'patsa chitenje. Phungu yemweyo ndiye adzavotere msonkho wa malipiro anu ndi VAT ya m'sitolo.